Bwalo la Njerwa pa Mchenga wa ku Senga Bay

Munthu wochokera pa boma la Salima, akalunjika kum'mawa pa msewu uja umene njinga za kabaza sizithapo usana wonse, nayenda makilomita pafupifupi 20 kufikira mapiri a Senga atamuimirira patsogolo ndiponso kamphepo ka kunyanja katayamba kumuomba kumaso, safunikira womuuza kuti walowa m'dziko la mchenga. Mchengawo uli m'njira, uli m'mabwalo, umakwera makhonde ndi mapazi a ana, umalowa m'mphasa ndi m'mabulangete, ndipo m'miyezi ya mwera, kuyambira mu Meyi kufikira mu Ogasiti, suopa ngakhale mphika wa ndiwo umene mayi wauvundukula kuti alawe mchere. Dzinja likafika nkhani isintha koma vuto silichepa, pakuti malo otsika a kufupi ndi dambo la Mpatsanjoka, amene m'chilimwe anali ouma gwa, asanduka thope lonanda lovula munthu nsapato.

Makolo a m'dera la Mfumu Maganga, Achewa ndi Ayao pamodzi ndi asodzi obwera kuchokera kumpoto kudzatsata usipa ndi utaka, sanauyese mchenga mdani wawo. Bwalo linali kusesedwa mbandakucha, khonde linali kuziridwa ndi dothi, ndipo bwalo losesedwa bwino madzulo linali kuulula m'mawa mwake ngati njoka kapena fisi anadutsapo anthu ali m'tulo. Koma njanji itafika ku Salima mu 1935, alendo nayamba kudza kudzapumula ku hotela ya Grand Beach, imene lero tiidziwa ndi dzina la Sunbird Livingstonia Beach, makamakanso likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, kotero kuti gombe la Senga Bay linasanduka nyanja ya pafupi ya anthu a mumzinda, kunachuluka chinthu chimene bwalo la makolo silinachikonzekere, ndicho galimoto. Galimoto ititimira mu mchenga, ikumba maenje pamene yafuna kunyamuka, nisiya bwalo lili mikwasomikwaso. Eni mahotela ndi makoteji ndiwo anayamba kuyala miyala ndi njerwa pakhomo, ndipo lero chilakolako chimenechi chatsikira kwa ife anthu wamba: mphunzitsi wopuma pantchito, msilikali amene wamanga kanyumba kake pafupi ndi kampu, mayi wa geni ya nsomba amene watopa ndi kusesa m'nyumba katatu patsiku, mnyamata wobwera ku Joni amene anaona zotere kumeneko, mwinanso anaziyala ndi manja ake m'mabwalo a eni ake.

Pali chinthu chimodzi chimene chimazunguza mutu anthu ozolowera Malembo. Tonse tinaphunzira tili ana za amuna awiri aja a m'mutu 7 wa Mateyu, wina womanga pathanthwe, wina womanga pamchenga, ndipo tidziwa amene anatchedwa wopusa, tsono mmisiri akanena kuti njerwa za pabwalo adzaziyala pa mchenga, popanda matope a simenti pansi pake kapena pakati pake, mwini nyumba ayamba kumuyang'ana cham'mbali, nafunsa kuti, "Amisiri, kodi simenti ija mufuna mukamangire kwanu?" Mmisiri wodziwa ntchito yake sakwiya nalo funsoli, angoyankha kuti, "Bambo, simenti ipita m'mphepete, pakati papita mchenga." Ndipo anena zoona, chifukwa mchenga umagonja pokhapokha pamene uli ndi kothawira, koma ukatsekeredwa mbali zonse, pansi pali maziko otsendereka, pamwamba pali njerwa zothinana, m'mbali muli mpanda wolimba, usenza katundu wolemera osasuntha. Anthu a ku Netherlands, amene dziko lawo ndi lotsika ndi lofewa, akhala akuyala misewu ya njerwa pa mchenga kwa zaka mazanamazana, ndipo itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene njerwa zootcha zinafunika zonse kukamangira nyumba zimene zinagumuka, anayamba kuumba za simenti, zimene ndizo makolo a izi tiziona lero m'mabwalo mwathu. Ngakhale m'Buku Lopatulika bwalo loyalidwa miyala si lachilendo, pakuti Pilato anakhala pa mpando wake woweruzira pa malo otere, otchedwa Gabata.

Ntchito yeniyeni iyambira pa madzi, ndipo mwini nyumba wanzeru, asanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, ayenera kuima pakhonde pake tsiku la mvula yamphamvu, napenyetsetsa pamene madzi a padenga akugwera, kumene akuthamangira ndi pamene akudikha. Pakuti akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo bwalo lingakongole chotani silingawaiwalitse. Mchenga wa pabwalo unali kumwa mvula mwakachetechete. Njerwa zimwako pang'ono m'mipata yake, koma madzi ochuluka ayenda pamwamba, ndipo akapanda kupatsidwa njira adzisankhira okha, kawirikawiri ya kumaziko a nyumba kapena ya kuchimbudzi, chimene m'dothi la mchenga sichichedwa kugwa. Chifukwa chake bwalo liyenera kupendekera kutali ndi khoma, kutsika masentimita 2 pa mita iliyonse, kotero kuti bwalo la mamita 5 kuchokera pakhoma likhala lotsika ndi masentimita 10 kumapeto kwake; ndiponso pamwamba pa njerwa pakhale masentimita 15 kunsi kwa pepala lija la pulasitiki limene omanga amaika m'khoma kuletsa chinyontho, kuti madontho odumpha asanyowetse pulasitala. Kupendeka kotere diso silikuona, n'chifukwa chake amisiri sakhulupirira diso. Atenga paipi yaitali yoonekera mkati, naidzaza madzi, wina agwira nsonga imodzi pakhoma, wina apita ndi inzake kumapeto kwa bwalo, ndipo pamene madzi aima m'nsonga ziwirizo ndiye muyezo wofanana. Kuchokera pamenepo atsitsa chingwe pa chikhomo monga mwa kuwerengera kwawo.

Kumene madziwo akathera ndi nkhani ya chinansi. M'malo othinana a kufupi ndi gombe, kumene mpanda wa wina ndi khoma la mnzake, madzi otuluka pansi pa geti akalowa m'khitchini ya mnansi kapena pansi pa thandala lake la usipa, ndipo mlandu wotere ukafika kwa anyakwawa, mwini bwalo lokongola alibe choyankha. Kukumba dzenje kumapeto kwa bwalo ndi kulidzaza miyala, kuti madzi alowe pansi pa malo ako omwe, sikudula ndalama zambiri, ndipo mchenga wa kunoko umamwa msanga. Wina angowatsogolera ku phata la nthochi, limene silidandaula nawo.

Madzi akapatsidwa njira, kubwera kukumba. Dothi lonse la pamwamba, lokhala ndi mizu, zinyalala ndi phulusa la zaka zambiri, lichotsedwe, chifukwa zotere zimaola ndi kusiya mphako pansi; pa njira ya mapazi masentimita 20 akwanira, koma pamene padzaima galimoto pafunika 25 kapena 30. Amene malo ake ali pa mchenga weniweni ali ndi mwayi umene iye sauzindikira, popeza mchenga sutupa ndi mvula ndiponso suphwa ndi dzuwa. Tsoka lili kwa iwo amene anamanga pa makande a kudambo, dothi lakuda lija limene m'dzinja lifufuma ndipo mu Okutobala ling'aluka ming'alu yoti dzanja n'kulowamo, pakuti pamenepo pafunika kukumba mozama ndi kuthira maziko okhuthala. Mazikowo ndi miyala ya kwale yosakaniza ndi fumbi lake, kapena dothi la miyala lija amathira m'misewu yafumbi, ndipo sathira onse pakamodzi ayi; athira masentimita 5 kapena 7, nawazapo madzi pang'ono, natsendera, nathiranso ena. Makina otsendera angabwerekedwe kwa omanga akuluakulu, koma ambiri atsendera ndi chipika cholemera chokhala ndi zogwirira, kapena chitini chodzaza konkire chozikamo mtengo, nachinyamula ndi kuchigwetsa, kuchinyamula ndi kuchigwetsa, padzuwa la ku Salima, kufikira chidendene cha nsapato chitaleka kusiya chizindikiro. Ntchito imeneyi aganyu amaithawa, mwini nyumba amaiona ngati yochedwetsa, ndipo palibe mlendo amene adzaiyamikire popeza ikwiririka; koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo bwalo limene anthu anathamanga nalo pa ndime imeneyi lidziwika dzinja limodzi likangopita, pamene mizere iwiri yolowa pansi ioneka modutsa matayala, madzi nakhalamo.

Njerwa zenizenizo, zimene amisiri azitcha mapeva, ziumbidwa ndi simenti, mchenga ndi fumbi la kwale, zina pa makina ogwedeza ndi kupanikiza, zina ndi manja m'zikombole m'mphepete mwa msewu. Za mamilimita 50 kukhuthala kwake ndi za mapazi, za 60 zisenza galimoto yaing'ono, ndipo za 80 ndizo za pamene padutsa malole. Chiyambire 2018, pamene bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi za malonda pofuna kupulumutsa mitengo, oumba njerwa za simenti achuluka m'dziko muno, aluso ndi ongoyesa omwe. Simenti ikhale ya ku Shayona ku Kasungu, ya ku Njereza m'boma la Mangochi, ya Portland ku Blantyre kapena yolowa kuchokera ku Zambia, thumba ndi lomwelo la makilogalamu 50. Chosiyanitsa njerwa yabwino ndi yoipa ndi mtima wa woumbayo, ngati alitambasula thumbalo ndi mchenga wambiri kuti litulutse njerwa zochuluka, ndiponso ngati ali nako kupirira kozisunga. Pakuti simenti ilimba ndi madzi, dzuwa likhoza kungoiumitsa pamwamba isanakhwime; njerwa ziyenera kukhala pamthunzi, zofundidwa, zothiridwa madzi kwa masiku 7, ndipo mphamvu yake yokwanira iifikira patapita masiku 28. Woumba amene waitanidwa ndi wogula wa ndalama m'manja, nagulitsa njerwa za masiku atatu, wagulitsa zosapsa.

Wogula asanyengedwe ndi utoto wofiira kapena wachikasu, pokumbukira chikomekome cha mkuyu chija m'kati muli nyerere. Atenge njerwa ziwiri pakati pa mulu, osati zapamwamba zimene zinaikidwa kuti zioneke, aziombanitse: zokhwima zilira mawu akuthwa, zosakhwima zilira mogonthera ndi kuyoyoka fumbi. Akande m'mphepete ndi msomali, ndipo ngati mchenga ukugumuka, abweze moni napite kwina. Aikenso zisanu mondondozana pa thabwa losalala, aone ngati zili zofanana msinkhu, chifukwa njerwa zosiyana kukhuthala zidzavutitsa woyala tsiku lonse ndi kupunthwitsa agogo zaka zonse. Kuwerengera kwake nkosavuta: za masentimita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi zilowa 50 pa malo a mita imodzi mbali zonse, kotero kuti bwalo la mamita 8 kwa 5 lidya njerwa 2,000, ndipo n'kwanzeru kuonjezerapo 100 za kudula ndi kusweka. Mwini nyumba amene wadziwerengera yekha chomwechi akambirana ndi mmisiri maso ndi maso, ndipo ndi bwino kupangana malipiro pa kukula kwa malo oyalidwa osati pa masiku, ndi kulemba panganolo papepala pali mboni.

Za mchenga woyalira ndinene mwachidule. Mchenga wa nyanja yathu ulibe mchere monga wa kunyanja zazikulu, ndipo chimenechi chimayesa anthu kuti gombe ndi nkhokwe yopanda mwini. Koma lole iliyonse yotapa pagombe ichotsa chimene chinali kutchinjiriza midzi ku mafunde a mwera, ndiponso pamene asodzi amakokera mabwato ndi kuyanika makoka awo. Pa ntchito yathuyi mchenga wa kumtsinje, wokhakhala m'manja, wosefedwa ndi wopanda dothi, ndiwo woposa, ndipo sufunika wambiri: bwalo lija la njerwa 2,000 likwanira ndi mawilibala pafupifupi 20.

Tsiku loyala ndilo lokondweretsa kuonerera, ndipo amisiri aliyamba kusanatenthe. Choyamba ndi mpanda wa m'mphepete, njerwa zazitali zoimika kapena zogoneka, zokhazikidwa mu konkire ndi kuchirikizidwa nayo kumbuyo, ndipo apa ndipo pamene simenti ija ya funso la mwini nyumba igwira ntchito yake. Bwalo lopanda mpanda wolimba limayamba kumasuka m'mphepete, mipata nikula, mchenga nuthawa, kufikira zonse zitagwedera. Ngodya aipeza ndi zingwe: mamita 3 mbali imodzi, mamita 4 mbali ina, ndipo ngati pakati pa nsonga ziwirizo pali mamita 5 ndendende, ngodyayo yaongoka. Kenaka agoneka mapaipi awiri achitsulo pa maziko, nathira mchenga wonyowa pang'ono pakati pake, nakoka thabwa loongoka pamwamba pa mapaipiwo kuti mchenga usalale, wokhuthala masentimita 3 paliponse. Achotsa mapaipi, nakwirira timakwawa tawo, ndipo kuyambira pamenepo palibe wololedwa kupondapo, kaya ndi bwana mwini, kaya ndi nkhuku, imene pa nthawi yotere imafika ndithu. Woyala agwada pa njerwa zimene wayala kale, mnyamata wake namupatsira zina kuchokera kumbuyo, ndipo iye aitsitsa njerwa molunjika, moigunditsa pa inzake, osaikhwekhwereza pa mchenga, naigogoda pang'ono ndi nyundo ya mphira, akusiya kampata koti mpeni wa patebulo n'kulowa. Pa mizere ingapo iliyonse aimirira, nayang'ana chingwe, chifukwa kukhota kosaoneka pachiyambi kusanduka chala chonse pofika kugeti.

Kayalidwe kali kosiyanasiyana, ndipo pa njira ya mapazi munthu asankhe kamene kamkomera. Koma pamene galimoto idzakhota ndi kuima, kolimba koposa ndi kaja koyala njerwa mopingasana ngati minga ya chambo pa msana wake, chifukwa palibe mzere wautali umene tayala lingaukankhe. Zonse zikayalidwa, zodula zitalowa m'malo mwake, athira mchenga wosalala wouma bwino pamwamba, nausesera m'mipata, natsenderanso atayala thabwa kuti njerwa zisasweke, nabwereza kusesera kufikira mipata itakana kulandira wina. Mchenga wa m'mipatawu ndiwo umanga njerwa zikwi ziwiri kukhala chinthu chimodzi, kotero kuti tayala likaponda imodzi, zinzake zoizungulira zimathandizana nayo kusenza.

Ena afunsa kuti bwanji osangothira konkire bwalo lonse, nkhani ithe. Okalamba a m'boma lino akumbukira usiku wa pa 10 Malichi 1989, pamene chivomezi chinagwedeza Salima, n'kupha anthu 9 ndi kusiya zikwi zambiri opanda pogona. Tikhala m'chigwa chachikulu chimene nthaka yake siinagone tulo, ndipo ngakhale popanda chivomezi, kutentha kwa masana ndi kufufuma kwa makande zikwanira kung'amba konkire, imene ikang'ambika ilibe mankhwala koma chigamba chonyansa. Njerwa zoyala pa mchenga zimatsata nthaka pang'ono osasweka, ndipo paipi ya madzi ikaphulika pansi, kapena muzu wa kachere ukatukula ngodya ina, munthu azula njerwa makumi awiri, nakonza chimene chavuta, nazibwezera m'malo mwake tsiku lomwelo.

Komabe ine sindigwirizana nawo amene ayala bwalo lonse, kuchokera kukhoma kufika kumpanda, nadula mango ndi nimu kuti masamba asamadetse njerwa. M'mwezi wa Okutobala ndi Novembala, pamene Salima atentha kotero kuti ngakhale mbuzi zifuna mthunzi, njerwa ya simenti yokhala padzuwa iotcha phazi la mwana, ndipo usiku ibweza kutentha kumene yasunga, anthu a m'nyumba nasowa tulo ngakhale mazenera ali otsekula. Walira mvula walira matope. Chofunika ndi njira yochokera kugeti kufika pakhonde, poima galimoto ngati ilipo, pochapira ndi potsukira mbale, ndi kanjira ka kubafa ndi kuchimbudzi; kwina konseko kusiyidwire kapinga, mitengo ndi mchenga womwewo, kuti mvula ipeze polowera, zitsime za m'mudzi zisaphwe msanga, ndi ana apeze poseweretsa phada. Mtengo umene uli pakati pa malo oyalidwa usiyiridwe bwalo lakelake lotakasuka kuzungulira tsinde, pakuti ukapanikizidwa, kapena udzafota, kapena udzabwezera ndi mizu yake.

Amene malo awo ali pagombe penipeni ali ndi mnansi wina wosamva za mapangano. Mu 2024 nyanja inakwera kupyola mamita 476 pamwamba pa nyanja zazikulu, madzi nalowa m'mabwalo a malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi, ndipo mu 1980 inafika popyola mamita 477. Mafunde akafika pa mpanda wa bwalo amakumba pansi pake, natulutsa mchenga, njerwa n'kutsala zili mbwee, ndipo palibe luso la mmisiri limene lingaletse zimenezi, koma kufunsa akuluakulu a pamudzi pamene madzi anafika kale ndi kuyala kumtunda kwa pamenepo.

Kwa ena onse, nyengo yabwino yogwira ntchitoyi ndi mvula itatha, kuyambira mu Meyi, nthaka ili youma ndipo dzuwa lisanakwiye. Mvula yoyamba ikadza idzatsitsa mchenga wa m'mipata, ndipo pafunika kuthiramo wina. Wosesa pabwalo auzidwe kuti asakolokose mipatayo ndi tsache lolimba poyesa kuti akuchotsa litsiro. Nyerere zikayamba kutulutsa timilu ta mchenga, kapena dawe akamera, zithetsedwe zikadali zochepa, ndipo ndere za pamthunzi zikwechedwe zisanagwetse munthu. Njerwa zija zinatsala zisagulitsidwe kapena kusandutsidwa mafuwa; ziunjikidwe kuseri kwa nyumba, chifukwa pamene imodzi idzasweka patapita zaka zisanu, woumba uja mwina adzakhala atasintha chikombole.